Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 9: Madzi a Usiku ku Phoenix

M'gawo lapitali ndinalekezera pamene ine ndi mayi a kunyumba tinatopa ndi kachipinda ka pa nyumba yosanja kaja, n'kuyamba kusaka nyumba ya lendi yokhala ndi bwalo loti mwana azithamangapo. Tinaipeza kumayambiriro kwa 2022, m'dera lina lakale la mzinda wa Phoenix, m'chigawo cha Arizona ku America, kumene nyumba zake n'zing'onozing'ono, zomangidwa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itangotha. Chimene chinatikopa ndi mitengo. Kuno ndi m'chipululu cha Sonoran, mvula ya chaka chathunthu kawirikawiri siikwana mamilimita 200, koma pa msewu umenewu panali mitengo ya malalanje, mandimu ndi manyumwa yotalika kuposa madenga, udzu uli biriwiri.

Eni nyumba potipatsa makiyi anangoti, "Nyumbayi ili pa mthirira, aneba akufotokozerani." Bwalo lake linali lolowa pansi pang'ono ngati mbale, m'mphepete monse atakweza kamzere ka dothi, ndipo pakona ya kuseri panali chivindikiro chachitsulo chopotokola. Imeneyo ndiyo valavu.

Ndisanafike pa za valavu, ndikuuzeni mmene ndinkauonera mzindawu nthawi imeneyo. Ndinali nditaugamula kale kuti ndi mzinda wa anthu osapatsana moni. M'madera atsopano, kumene ndimadutsa popita ku ntchito, munthu amakwera galimoto ali m'kati mwa galaja, chitseko n'kudzitsekula chokha, madzulo n'kumumezanso. Mabwalo ndi a timiyala, mipanda ndi ya mabuloko yoposa msinkhu wa munthu. Kuyambira June mpaka September masana simungaone munthu woyenda pansi, kupatula amene alibe pothawira. Pa nyumba yosanja ija tinakhalapo nthawi yaitali ndithu, koma wa chitseko choyang'anana ndi chathu ndinkangomudziwira nsapato zimene ankasiya pakhomo.

Tsono tsiku lina madzulo, makatoni tisanamasule n'komwe, kunabwera mkulu wina atavala chipewa chachikulu, fosholo ili paphewa. Anali a nyumba ya kumtunda kwathu. Anabadwira ku Sonora m'dziko la Mexico, ndipo anagwira ntchito yokhoma madenga mu Phoenix muno mpaka mawondo anakana. Mayina a aneba anga sinditchula; awa ndiziti abambo a kumtunda. Anandigwira chanza, kenaka anati, "Mijo, mwana wanga, madzi ako ndi Lachinayi, 2:40 usiku. Jombo uli nazo?"

Usiku wa Lachinayiwo anandiphunzitsa zonse atagwira tochi. Madziwa amachokera ku mitsinje ya Salt ndi Verde, ndipo amene amawayendetsa m'ngalande zikuluzikulu za mzindawu ndi a bungwe la Salt River Project. Wantchito wawo, amene kuno amati zanjero, amadzatsekula geti la madzi pamene pamayambira dera lathu, ntchito yake n'kuthera pomwepo. Kuchokera pagetipo, paipi yapansi imene imadutsa kuseri kwa nyumba zonse ndi ya eni dera. Nyumba iliyonse ili ndi nthawi yake pa ndandanda, nyengo yotentha kamodzi pa masiku pafupifupi 14, yozizira kamodzi pa masiku pafupifupi 28. Madzi sayang'ana kuti ndi usiku kapena ndi tsiku lopita ku tchalitchi. Akafika afika.

Ndinapotokola chivindikiro chija, madzi n'kubwibwinyika kuchokera pansi, ozizira, akununkha matope a mumtsinje. Anayamba kufalikira pa udzu pang'onopang'ono, nyerere ndi nkhululu zikuthawira pa kamzere kaja, mpaka bwalo lonse linadzaza kufika mu akakolo. Abambo a kumtunda anadikira kuti madzi atuluke bwino kwanga, ndiyeno anapita kukatseka kwawo. Atabwerako anandigwira pamkono. "Lamulo ndi limodzi, mijo. Usatseke kwako mnzako wa kumunsi asanatsekule kwake. Madzi akasowa kopita amaphulitsa paipi, ndipo tikalipira ndi tonse."

Wa kumunsi kwanga anali agogo aakazi achizungu a zaka zopitirira 80, amasiye, obadwira mu Phoenix momwemo. Nthawi yanga itatsala pang'ono kutha ndinaona katochi kakubwera pang'onopang'ono kuseri kwa mpanda, ndipo kunamveka mawu akuti, "Ndatsekula, mwana wanga, tseka!" Pa mpanda wa pakati pathu panali kageti kakang'ono kamene amuna awo anaboola kalekale chifukwa cha madzi omwewa. Moni woyamba ndi agogowa tinapatsirana pamenepo, 3 koloko itadutsa, tonse tili m'jombo.

Agogowa ndi amene anandiuza mbiri ya madziwa, nthawi zambiri titaima pa kageti. Ngalande zoyamba m'chigwa chino anakumba ndi anthu a mtundu umene akatswiri amautcha Hohokam, makolo a anthu a O'odham amene alipo mpaka lero. Anakumba makilomita mazanamazana popanda chitsulo, n'kuzisiya cha m'ma 1450. Mu 1867 Jack Swilling ndi anzake anayamba kufukula zina mwa ngalande zomwezo, ndipo mzinda unamera pamenepo. Mu 1903 alimi a m'chigwachi anapereka minda yawo ngati chikole kuti boma limange damu, ndipo damu la Roosevelt linatha mu 1911. Ufulu wa madziwo unamatirira ku nthaka, n'chifukwa chake minda ya zipatso itadulidwa kukhala mapuloti, madzi anapitiriza kubwera ngakhale kwa ine wa lendi. Ankasimbanso zimene amayi awo ankawauza, kuti makina oziziritsa nyumba asanabwere anthu ankagona pakhonde nyengo yotentha, atapachika nsalu zonyowa kuti kamphepo kakadutsamo kazizizira. Msewu wonse unkamva kutsokomola kwa mnzake.

Sikuti zonse zinali zokoma ayi. Walira mvula walira matope. Mwana ankalowa m'nyumba ali matope okhaokha, udzudzu unkabwera, udzu unkafuna kutchetcha kosalekeza. Banja lina latsopano linagona pa nthawi yake, madzi n'kusefukira mumsewu, ndipo m'mawa mwake panali mawu owawa. Mizu ya mtengo itatseka paipi tinasonkha madola, ndipo panali wina amene ankazemba. Koma ngakhale kukanganako kunali kwa anthu odziwana. Amene wakulakwira umamudziwa nkhope, ndipo pakatha milungu iwiri uyenera kumufuulira kuti watsekula. Ine ndimagwira ntchito ya usiku ku nyumba yosamalira okalamba, choncho madzi akagwera tsiku la ntchito abambo a kumtunda ankanditsekulira. Nanenso mawondo awo akavuta ndinkawagwirira fosholo.

Anzanga a ku ntchito ena amati kuthira madzi ochuluka chonchi pabwalo m'chipululu n'kuwononga. Sindiwatsutsa mopepuka. Mu August 2021 boma la America linalengeza koyamba kuti mtsinje wa Colorado waperewera, ndipo Arizona anadulidwa gawo la madzi ake. Madzi athu a mthirira sachokera ku Colorado, komabe chilala n'chimodzi. Chimene ndimawauza n'chakuti akayende madzulo pa msewu wathu, kenaka akayende m'madera ena a kumwera kwa mzindawu kumene kuli phula ndi simenti zokhazokha, anthu akudikira basi padzuwa popanda ndi tsamba lomwe. Thupi lidzawauza lokha. Ine ndimaona kuti mthunzi mu mzinda uno ndi nkhani ya moyo ndi imfa, ndipo chimandiwawa n'chakuti osauka ndi amene alibe.

Ndiye kunabwera July wa 2023. Kuyambira pa 30 June mpaka pa 30 July, masiku 31 otsatizana, kutentha kunafika madigiri 110 pa muyezo wa Fahrenheit kapena kupitirira, amene ndi madigiri 43 pa Celsius. Masana tinali titawazolowera, chimene chinatithyola ndi usiku. Pa 19 July kutentha sikunatsike kuposa madigiri 36 pa Celsius usiku wonse. Mpopi wa madzi ozizira unkatulutsa madzi ofunda. Chiwongolero cha galimoto tinkachiphimba ndi thaulo, lamba wa pampando chitsulo chake chinkawotcha. Agalu ankawayendetsa 4 koloko m'mbandakucha. Anthu amene ankagwa pamsewu ankapsa ndi phula mpaka kugonekedwa m'chipatala. Mvula ya monsoon imene timaiyembekeza miyezi imeneyi, ija imabwera ndi khoma la fumbi kutsogolo, inangoti zii.

M'kati mwa masiku amenewa madzi anagwera usiku umene ndinali pa tchuthi. Nthawi yanga inatha, katochi ka agogo sikanaoneke. Ndinadikira, madzi n'kuyamba kunyambita pamwamba pa kamzere. Ndinadutsa pa kageti, n'kutsekula valavu yawo, n'kubwerera kukatseka yanga. Pobwerera kachiwiri kuti ndione mmene madzi akuyendera kwawo m'pamene ndinazindikira chimene chinkandisowetsa mtendere. Mu Phoenix mwezi wa July nyumba iliyonse imalira usiku wonse, chifukwa AC, makina oziziritsa nyumba aja, sapuma. Nyumba ya agogo inali chete.

Ndinagogoda pachitseko, pawindo, osayankha. Ndinathamangira kwa abambo a kumtunda, amene ankasunga kiyi wawo. "Señor, dzukani, kwa agogo kwazima!" Anatuluka osavala n'komwe nsapato. Titatsekula, mpweya umene unatiwomba kumaso unali wotentha kuposa wa panja. Tinawapeza ali pampando pabalaza, fani ikuwapemerera mpweya wotentha womwewo. Maso anali otsekula koma sankatizindikira, ankanditchula dzina la amuna awo. Khungu linali lotentha, louma, lopanda thukuta. Ku ntchito anatiphunzitsa chimene zimenezi zimatanthauza. Ndinaimba 911, abambo aja n'kunyowetsa mathaulo, tinawaika m'khosi ndi m'khwapa, ndipo mayi a kunyumba anabwera ndi madzi oundana onse a mufiriji yathu. A ozimitsa moto, amene kuno ndi omwenso amathamangira odwala, sanachedwe.

Agogo anachira. Atatuluka m'chipatala anadzakhala kwathu, m'chipinda cha mwana, ndipo m'pamene anatiuza kuti AC inali itafa masiku angapo m'mbuyomo. Ankadikira kuti ndalama za ukalamba zilowe, ndipo ankachita manyazi kutiuza. Masiku onsewo ankatikwezera dzanja pawindo ngati zonse zili bwino. Mphwawo wa abambo a kumtunda, amene amakonza makinawa, anakwera padenga dzuwa lisanatuluke n'kupeza kuti chinafa ndi kachipangizo kakang'ono kotchedwa capacitor, kokwana m'dzanja limodzi. Anakasintha asanamalize n'komwe khofi wake, ndipo ndalama anakana. Abambo a kumtunda anawakalipira agogo misozi ili m'maso. "Señora, zaka zonsezi tagawana madzi, mungalephere kundiuza za kachitsulo aka?"

Chaka chotsatira a zaumoyo a Maricopa County, boma limene Phoenix alimo, analengeza kuti anthu 645 anamwalira ndi kutentha mu 2023. Ambiri anafera panja, ndipo ochuluka mwa iwo anali osowa pokhala. Koma mwa amene anafera m'nyumba, ambiri AC anali nayo, kungoti inali yosagwira ntchito. Nditawerenga zimenezo ndinakhala pansi kaye. Ndinaganiza za wa nsapato za pakhomo uja wa ku nyumba yosanja, kuti AC yake ikanafa ndani akanamva kuti kwachita chete. Ineyo sindikanamva.

Kuchokera nthawi imeneyo pa msewu wathu tinagwirizana zinthu zing'onozing'ono. Pepala la ndandanda ya madzi, limene aliyense amamata pafiriji, tinalembapo manambala a foni a nyumba zonse ndi a abale awo. Chenjezo la kutentha likalengezedwa, amene ali ndi okalamba pafupi amagogoda m'mawa ndi madzulo, ndipo sabwerera asanalowe m'nyumbamo kuti amve yekha ngati mukuzizira. Agogo poyamba ankadandaula kuti tikuwayesa mwana, koma anadzazolowera, mpaka ankasungira mwana wathu mabisiketi.

Kutentha kunatha cha mu October. Pofika December malalanje anapsa, nthambi mpaka kuwerama, ndipo monga mwa chizolowezi cha kuno aliyense ankaika zipatso m'matumba m'mbali mwa msewu kuti wodutsa atenge. Akazi a abambo a kumtunda anatiitana ku ntchito yokulunga ma tamales a Khirisimasi, chakudya cha ufa wa chimanga chokulungidwa m'makoko ake, banja lonse litazungulira tebulo, ndipo agogo anakhala pakati akumanga timfundo. Mu January a ngalande anatseka madzi kuti akonze, tonse n'kugona tulo tosadukiza kwa milungu ingapo.

M'mwezi womwewo eni nyumba anaimba foni kunena kuti akufuna kugulitsa, ndipo amene akufuna kugulayo akuganiza zogwetsa nyumbayo ndi kudula mitengo kuti amangepo ziwiri. Zimene tinachita titamva uthengawu, ndi mmene aneba analowererapo, ndidzakamba m'gawo 10.