Zikomo nonse, bambo atuluka ndi miyendo yawo yonse iwiri

Abale ndi alongo, bambo atuluka m'chipatala. Ali kunyumba ku Chilomoni, mwendo uli pamtsamiro, ndipo ayamba kale kukalipira adzukulu kuti asathamange pafupi ndi bala. Ndikulemba ndili wotopa zedi, choncho amene ndikudumpheni musandisungire chakukhosi.

Poyamba ndi Mulungu. Ambuye, munatimva.

Ambiri munachiona chotupa chija kuseri kwa bondo lawo lamanzere, ndipo aliyense anali nalo dzina lake. Ena ankati ndi chithupsa, ena ankati anaponda mankhwala kudimba, tiwatemere mphini. Ngakhale kuchipatala chimene tinayambira anati ndi madzi a m'bondo amene amatsikira kumbuyo n'kupanga thumba, chimene madokotala amachitcha Baker's cyst, ndipo anati angochipopa ndi jakisoni. Singano inali itatuluka kale m'pepala.

Apa m'pamene panatulukira achimwene ena, kilinikala ofisala wachinyamata, amene andiletsa kulemba dzina lawo pano. Anangoika zala ziwiri pachotupacho n'kukhala duu. Kenako anatenga dzanja langa n'kuliika pomwepo. Chinkagunda, abale, gu gu gu, pamodzi ndi mtima wa bambo. Iwo anati thumba la madzi siligunda chonchi, uwu ukhoza kukhala mtsempha waukulu wopititsa magazi kuphazi umene wafufuma, ndipo kuubaya kuli ngati kutsegula mpopi umene sungathenso kuutseka. Singano ija anaibweza pathireyi, n'kukankha okha njinga ya odwala mpaka ku sikani.

Ku sikani anapaka mafuta ozizira aja, ndipo pakanema tinaona zofiira ndi zabuluu zikuzungulira m'kati mwa chotupacho, m'mbali muli magazi oundana. Dzina lake akuti ndi aneurysm. Achimwene aja anandimasulira m'Chichewa, pang'onopang'ono, kuti choopsa kwambiri si kuphulika ayi. Timibulu ta magazi oundanawo timasomphoka n'kukatseka timitsempha ta kuphazi, mwendo n'kufa, mapeto ake n'kuudula. Zala za bambo zinali zitayamba kale kuzizira ndi kuchita dzanzi, ife n'kumangowaveka masokosi awiriawiri. Anaumiriranso kuti aunikidwe bondo linalo ndi m'mimba momwe, pakuti pafupifupi theka la anthu a vutoli amakhala nalo m'miyendo yonse iwiri, ndipo ena limawagwiranso mumtsempha waukulu wa m'mimba. M'mimba munali bwino. Bondo lamanja likungofuna kuliyang'anira.

Kalata yotitumiza kuchipatala chachikulu analemba ndi iwo, foni kwa madokotala a kumeneko anaimba ndi iwo, pa mayunitsi awo.

A dokotala a opaleshoni ndi onse a ku fiyeta, Mulungu akudalitseni manja. Munatenga mtsempha wina m'kati mwa mwendo womwewo, n'kuulumikiza pamwamba ndi pansi pa chotupacho kuti magazi adzere njira yatsopano, wofufuma uja n'kuumanga mbali zonse ziwiri. Ine mpaka lero ndimangopukusa mutu. Manesi a usiku, amene munkabwera ndi tochi kudzakhudza phazi ngati latentha, zikomo. Amayi a Mvano, nsima yanu yam'makontena inasunga ine ndi magadiyani anzanga pa wodi yonse. Anzanga a kuntchito ndi inu a ku Joni, ndalama zanu ndi zimene zinalipira sikani yachiwiri ija ya CT, yothira mankhwala m'magazi kuti mitsempha ioneke bwino. Alamu anga, munapereka magazi ngakhale mumaopa singano kuposa mwana. Tinakuonani mutatseka maso.

Tsono enanu amene munatsogolera nkhani ya mphini, munakuwa kwambiri pagulu la banja pa WhatsApp, koma kuwodi sitinakuoneni ngakhale ndi nthochi imodzi. Timanja topemphera tija tinatilandira. Ndasiyira pomwepa, mayi anandiuza kuti ndisalembe zambiri.

Ndibwererenso kwa achimwene aja. Opaleshoni itatha, tsiku lawo lopuma, anakwera minibasi n'kutipeza pa wodi imene si yawo n'komwe. Anagwada pansi pa bedi, nafufuza pamwamba pa phazi la bambo mpaka anapeza pamene pakugunda, n'kulembapo kamtanda ndi bolopeni kuti nanenso ndizidziwa pokhudza. Bambo, amene sindinawaonepo akulira ngakhale pamaliro a agogo, anawagwira dzanja n'kungoti, "Mwana wanga, mwana wanga." Tinayesa kuwapatsa ya thiransipoti, anakana. Mayi akuti nkhuku yokhayo ndiye sakana, awakonzera kale tambala wamkulu uja. Achimwene, ngati mukuwerenga, Ambuye akukumbukireni inu ndi makolo amene anakulerani.

Ulendo sunathe. Pali mapiritsi oletsa magazi kuundana, pali sikani zobwereza kuti aone ngati njira yatsopanoyo ikuyendabe, ndipo fodya a dokotala aletseratu. Ndiye anzawo a pabawo, chonde, mukamabwera kudzawazonda musalowe ndi ndudu m'thumba, tikusechani pageti. Bwerani masana, m'mawa amakhala akutsukidwa bala. Palinso wina anatumiza ndalama pa Mpamba usiku wa opaleshoni osanena kuti ndi ndani. Ndilembereni ku inbox, mayi akufuna akuthokozeni pakamwa.