Matumba 80 a simenti amene anali mu kompyuta mokha

Chaka chimene kampani yathu yogulitsa zipangizo zomangira ku Limbe inasiya kulemba maakaunti mu Excel n'kuyamba kugwiritsa ntchito pulogalamu ya pa kompyuta yotchedwa SAP, ambiri a ife tinkaganiza kuti ntchito yaikulu idzakhala kuloweza zilembo zotsegulira masamba a pulogalamuyi. Tinazilemba pa kapepala n'kumata m'mbali mwa kompyuta: ME21N yolembera oda yogulira katundu, MIGO yolandirira katundu amene wafika, MIRO yolowetsera invoisi ya wotigulitsa, ndi FBL3N yoonera zonse zimene zalowa mu akaunti imodzi. Patangotha milungu iwiri tinali titaziloweza bwinobwino, koma pofika tsiku lotseka mwezi tinapeza ndalama yochuluka itatsalira mu akaunti ina popanda wodziwa kumene inachokera, ndipo kapepala kaja sikanatithandize konse.

Chimene chinathandiza ndi mfundo yakale imene aliyense amaiphunzira m'masiku oyambirira a maphunziro a maakaunti, yakuti chochitika chilichonse chimalembedwa mbali ziwiri, ya debit ndi ya credit, ndipo mbali ziwirizo ziyenera kulingana. Luca Pacioli, katswiri wa masamu wa ku Italy, anaifotokoza m'buku limene linasindikizidwa ku Venice mu 1494, ndipo ngakhale iyeyo ankangolemba zimene amalonda a kumeneko ankachita kale. Maziko ake ndi akuti zonse zimene bizinesi ili nazo zimafanana ndi ngongole zake kuphatikiza mpamba wa mwini wake. Mukatenga simenti pa ngongole, katundu wachuluka ndipo ngongole yachulukanso mofanana. Mukalipira, ndalama ya ku banki yachepa ndipo ngongole yachepanso. Palibe chimene chimangotulukira kapena kungozimirira chokha.

Mapulogalamu oyendetsera ntchito zonse za kampani, otchedwa ERP, kaya ndi SAP, Sage kapena Odoo, sanasinthe kanthu pa mfundo imeneyi. Chimene anachita ndi kusonkhanitsa ogula katundu, osunga katundu, ogulitsa, olipira malipiro ndi ife a maakaunti kuti tonse tizilemba mu kaundula mmodzi. SAP inayambitsidwa ku Germany mu 1972 ndi anthu asanu amene ankagwira ntchito ku IBM, n'chifukwa chake m'malo ena mumapezabe chilembo S m'malo mwa debit ndi H m'malo mwa credit, kuchokera ku mawu a Chijeremani akuti Soll ndi Haben. Chofunika kwambiri kumvetsa n'chakuti mkulu wa ku nyumba yosungira katundu akadina batani losunga mu MIGO, wagwira ntchito ya akauntanti ngakhale sanalowepo m'kalasi ya maakaunti. Pulogalamu imalemba yokha debit ku akaunti ya katundu, n'kulemba credit ku akaunti yodikirira imene timaitchula kuti GR/IR, kumene kumakhala katundu amene talandira koma invoisi yake sinafike.

Ndalama yathu ija inali mu akaunti yodikirira imeneyi. Nditatsegula FBL3N n'kutsatira mzere uliwonse, ndinapeza oda ya matumba 400 a simenti. Mbali ya credit inkasonyeza kuti matumba onse 400 analandiridwa, pamene invoisi imene ineyo ndinalowetsa inali ya matumba 320 okha, ndipo mtengo wa matumba 80 otsalawo ndi umene unangokhala pamenepo osasuntha. Pulogalamu sinadandaule chifukwa kwa iyo debit ndi credit zinali zikulingana. Inkangoyembekezera invoisi ina imene sinali kubwera.

Ndinanyamuka kupita ku nyumba yosungira katundu, kumene fumbi la simenti limayeretsa nsapato usanayende n'komwe mapazi khumi. Mkulu wa kumeneko, bambo amene watumikira kampaniyi kwa zaka zambiri kuposa ine, anatulutsa chikalata chimene dalaivala wa lole anabwera nacho. Nambala ya 400 inali itadulidwa ndi bolopeni, pambali pake palembedwa 320, ndipo onse awiri anasainira. Ndinawafunsa kuti, "Nanga bambo, mu kompyuta munalembamo angati?" Iwo anandiyankha kuti, "Achemwali, ine sindinalembemo nambala iliyonse. Ndinaipeza ilimo kale, ndiye ndinangovomereza." Ankanena zoona, pakuti MIGO imabweretsa yokha chiwerengero cha pa oda, ndipo ndi udindo wa wolandira katundu kuchisintha ngati lole yabweretsa zosakwanira. Pa maphunziro amene tinapatsidwa palibe amene anawauza zimenezi, ndipo ine sindiwaimba mlandu. Anaphunzitsidwa malo odina, koma sanauzidwe kuti kudinako kukulemba chiyani m'mabuku.

Cholakwika chooneka chaching'ono chotere chimafika patali. Kwa milungu itatu, anzathu ogulitsa ankaona pa kompyuta matumba 80 amene kunalibe, ndipo akanatha kulonjeza kontilakitala simenti imene sakanaipeza. Mabuku ankasonyeza katundu wochuluka kuposa weniweni komanso ngongole imene tinalibe. Akaunti yodikirira ija siinaikidwe mwangozi: imachokera pa mfundo ina ya maakaunti, yakuti chinthu chimalembedwa pamene chachitika, osati pamene ndalama yatuluka kapena kulowa. Simenti ikangotsitsidwa pa lole, ngongole yayamba, invoisi ibwere lero kapena mwezi wa mawa. Amene ankaitanitsa katundu kunja anaiona bwino mfundoyi mu November 2023, pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti: ngongole ya madola imene inalembedwa mu October inafuna makwacha ochuluka kwambiri polipira mu December, ndipo kusiyanako kunayenera kulembedwa ngati kutayika kwa ndalama.

Pokonza cholakwika chathu, bambo aja anapempha kuti tingofufuta zimene analemba zija, ndipo anadabwa nditawauza kuti n'zosatheka. Tinabweza matumba 80 aja ndi nambala 102, imene imatsutsa 101 yolandirira katundu, ndipo zolemba zonse ziwiri zinatsala poyera, chilichonse chili ndi dzina la wolemba, tsiku ndi nthawi. Anthu ambiri amanyansidwa ndi zimenezi poganiza kuti pulogalamu ikuwayalutsa, koma ine ndimaona kuti pamenepa m'pamene pagona ubwino wake wonse. Amalawi tikukumbukira Cashgate ya 2013, pamene ndalama za boma zinkalipidwa kwa makampani amene sanagwire ntchito iliyonse, kenako zolembazo n'kufufutidwa mu IFMIS, pulogalamu yoyendetsera ndalama za boma. N'chifukwa chake sindivomereza ngakhale pang'ono chizolowezi chobwerekana pasiwedi mu ofesi, ngakhale chimaoneka ngati kuthandizana pamene mnzako wapita ku maliro. Wolemba oda, wolandira katundu ndi wovomereza malipiro ayenera kukhala anthu osiyana, ndipo dzina looneka pa cholemba liyenera kukhala la munthu amene analembadi.

Kuyambira nthawi imeneyo, wophunzira ntchito akabwera mu ofesi yathu sindiyamba ndi kapepala ka zilembo kaja. Ndimamupatsa pepala ndi pensulo, ajambule mzere pakati, ndipo asanakhudze kompyuta alembe yekha akaunti imene ilandire debit ndi imene ilandire credit. Akatero timatsegula MIRO, tilowetse invoisi, ndipo tisanasunge timadina Simulate, batani limene limaonetsa zimene pulogalamu ikufuna kulemba. Ngati za pa kompyuta zasiyana ndi za pa pepala, timaima kaye mpaka tipeze chifukwa chake, ngakhale wotigulitsa akhale akuimba foni kufunsa za malipiro ake.

Mwezi watha mtsikana amene tangomulemba ntchito anaimitsa invoisi ya malata chifukwa chakuti VAT inkapita ku akaunti ya katundu m'malo mopita ku akaunti ya msonkho umene timachotsera popereka lipoti ku MRA. Titafufuza tinapeza kuti chizindikiro cha msonkho pa oda chinasankhidwa molakwika, ndipo tinaibweza kwa ogula katundu kuti akaikonze invoisiyo isanalowe m'mabuku.