Zikomo kwa ana athu a pa miksa

Mpikisano wa zisudzo wa makoleji watha kuno ku Chipata, ndipo mphoto zapita kwa osewera ndi olemba nkhani, monga mwa chizolowezi. Ine ndikufuna kuthokoza ophunzira amene anakhala pa tebulo la miksa, makina osakanizira ndi kuwongolera mawu, kumbuyo kwa holo, omwe palibe anawaitana kutsogolo.

Phokoso la msika lomwe tinamva m'sewero lina silinachokere pa intaneti ayi. Anawa anapita okha ku msika wa Kapata m'mamawa ndi foni, nakajambula amayi akuitanira tomato ndi mabelu a njinga zonyamula anthu. Kenaka anazidula ndi kuzisanja pa kompyuta ndi Audacity, pulogalamu yaulere. Bingu analitulutsa pogwedeza lata, ndipo agogo ena pambali panga anasuzumiradi pawindo.

Ntchitoyi ndi yovuta. Maikolofoni ikangoyandikira sipika, kumalira mluzu woboola makutu. Liwu lililonse liyenera kulowa pa mzere wake weniweni, choncho mtsikana wa pa miksa anali ndi pepala lolembedwa bwino lomwe, chala chili pa batani, osaphethira.

Magetsi atazima pakati pa sewero lachitatu, anyamata awiri ananyamula ng'oma n'kupitiriza. Zikomonso kwa abambo a shopu yapafupi, omwe sitiwadziwa ndi dzina lomwe, pobwereketsa jenereta osafunsa ngwee.

Akuluakulu oweruza, tikupempha kuti chaka chamawa pakhalenso mphoto ya okonza mawu.