Kulondola mapazi a Googlebot mu log: pomwe ndafika

Mwezi uno sindinaikepo chithunzi chatsopano pa webusaiti yanga ya mbalame. Nthawi yonse yapita powerenga log ya seva, ndipo chandisunga pamenepo ndi funso limodzi: n'chifukwa chiyani masamba ena sachedwa kutuluka pa Google pomwe ena amangokhala osaoneka, chonsecho onse ali pa seva imodzi?

Kwa inu amene simunaitsegulepo, log ndi fayilo imene seva imalembamo mzere umodzi nthawi iliyonse wina akapempha chinthu, kaya ndi munthu kaya ndi loboti. Mzerewo umanena adiresi ya IP ya wopemphayo, nthawi, chimene wapempha, nambala ya yankho, ndi dzina limene wadzitchula. Nditasefa mizere yokhala ndi mawu akuti Googlebot, loboti ya Google imene imayendera masamba, ulendo wake unayamba kuoneka. Pali "GET /robots.txt", seva n'kuyankha 200, kutanthauza kuti zayenda bwino, kenako tsamba loyamba, kenako masamba amene loyambalo limalozako, ndipo pambuyo pake mafayilo a CSS ndi JavaScript, okonza maonekedwe ndi machitidwe a tsamba. Fayilo ya robots.txt, youza maloboti kumene asalowe, saipempha pa tsamba lililonse, chifukwa nthawi zambiri amaisunga mpaka maola 24. Chinanso chimene ndinaona n'chakuti pafupifupi mizere yonse imadzitchula kuti ndi foni ya Android, Nexus 5X. Google imayang'ana masamba athu monga amaonekera pa foni, choncho chimene mwachotsa pa foni n'kuchisiya pa kompyuta pokha, mwachibisanso kwa iye.

Dzina lokha si umboni. Aliyense angalembe pulogalamu n'kuitcha Googlebot. Kuti nditsimikize, ndimatenga IP, mwachitsanzo 66.249.66.1, n'kuifunsa ndi lamulo la host, limene limapereka dzina logwirizana ndi IP. Yankho limabwera crawl-66-249-66-1.googlebot.com. Kenako ndimafunsanso dzinalo, ndipo liyenera kundibwezera IP yomwe ija. Mizere imene inkasakasaka /wp-login.php, khomo lolowera la pulogalamu ya WordPress, pa webusaiti imene ilibe WordPress n'komwe, yonse inalephera mayesowa. Ndinaichotsa pa chiwerengero.

Apa ndi pamene ndamvetsa chinthu chachikulu pa ntchito yonseyi. Kuyenderedwa ndi loboti si kulowa m'kaundula wa makina ofufuzira. Pali masitepe angapo, ndipo tsamba lingathe kuima pa lililonse. Choyamba loboti iyenera kudziwa kuti adiresiyo ilipo. Kenako iiyendere n'kutenga zolembedwazo. Kenako tsambalo litsegulidwe ngati mmene msakatuli amachitira, kuti zimene JavaScript imabweretsa zioneke. Pomaliza makinawo amasankha ngati tsambalo n'loyenera kusungidwa, ndipo ngati pali masamba ofanana, amasankha limodzi loimira anzake. Log imandiuza za sitepe yachiwiri ndi pang'ono za yachitatu. Zotsalazo ndimaziona mu Search Console, chida cha Google cha eni mawebusaiti, mmene muli mawu awiri ooneka ofanana koma osiyana kwambiri. "Discovered – currently not indexed" akutanthauza kuti adiresi aidziwa koma sanafikeko. "Crawled – currently not indexed" akutanthauza kuti anafika, anawerenga, koma sanasunge. Mankhwala a matenda awiriwa si amodzi.

Ndiyambe ndi amene sanafikiridwe. Pa webusaitiyi pali kasefa kothandiza owerenga kusanja mbalame potengera mtundu, kukula ndi dzina. Kusankha kulikonse kumabala adiresi yakeyake: /mbalame?sanja=dzina, /mbalame?sanja=kukula, /mbalame?sanja=dzina&mtundu=zamadzi, ndi zina zambiri zosakanizasakaniza. Kwa munthu lonseli ndi tsamba limodzi, kwa loboti iliyonse ndi adiresi yatsopano yoyenera kuiona. Mu log ndinapeza kuti maulendo ochuluka a Googlebot amathera m'maadiresi amenewa, pomwe zolemba zenizeni za mbalame iliyonse zikudikira.

Pali zida zitatu zimene anthu amazisokoneza pa vuto lotere, ndipo ndinakhalapo nthawi yaitali kuti ndizisiyanitse bwino. Robots.txt inayamba ndi Martijn Koster mu 1994, ndipo inakhala muyezo wolembedwa, RFC 9309, mu 2022. Ntchito yake n'kuuza loboti kumene isalowe, basi. Siichotsa tsamba m'kaundula. Ngati ena aika linki yolozera ku adiresi yotsekedwayo, ingathe kutulukabe m'zotsatira, ilibe mawu ofotokoza. Chochotsa tsamba ndi noindex, imene imaikidwa kumutu kwa HTML, kapena mu X-Robots-Tag, mzere wa pa yankho la seva, ngati fayiloyo ndi PDF kapena chithunzi. Koma kuti loboti ione noindex iyenera kulowa. Kutseka tsamba mu robots.txt n'kuikamonso noindex kuli ngati kupachika chikwangwani m'kati mwa nyumba yokiya n'kumayembekeza kuti odutsa panja achiwerenga. Ena amalemba noindex m'kati mwa robots.txt momwemo, koma Google inasiya kulabadira zimenezo mu September 2019.

Chida chachitatu ndi canonical, imene Google, Yahoo ndi Microsoft anagwirizana kuilandira mu 2009. Imeneyi imauza makina kuti pa masamba ofananawa, mwini wake ndi ili. Ndi pempho, si lamulo. Ngati malinki a m'kati mwa webusaiti, sitemap (fayilo yondandalika maadiresi a webusaiti) ndi canonical zikulozera kosiyana, makinawo amadzisankhira okha, ndipo Search Console imanena poyera kuti asankha lina. Ine ndachita motere: maadiresi onse a kasefa ndawaikira canonical yolozera ku /mbalame, ndipo ndawasiya otsegula kuti loboti iwerenge zimenezo. Zikakhazikika, ndiye ndidzatseke ?sanja= mu robots.txt. Kuyamba ndi kutseka kukanasiya maadiresi akale ali lende, osawerengedwanso.

Masamba ena sanafikiridwe pa chifukwa china. Pansi pa mndandanda wa mbalame panali batani lakuti "Onani zina", loyendera JavaScript. Kuyambira 2019 Googlebot amagwiritsa ntchito Chromium yatsopano, motero JavaScript amaiyendetsa ndithu, koma sadina mabatani. Amatsata linki yolembedwa ndi a href yokhala ndi adiresi yeniyeni. Mbalame zonse za kuseri kwa batanilo zinali ngati ana amasiye, popanda tsamba lozilozera. Ndaikapo malinki wamba a /mbalame/2, /mbalame/3 ndi kupitirira, batani n'kulisiya kwa amene amalikonda. Pa zonse zimene ndasintha, ichi ndicho chaonekera msanga mu log: maadiresi amene anali asanapemphedwepo ayamba kubwera ndi 200.

Mwina mufunsa kuti nanga sitemap inali kuti. Inalipo, ndipo masambawo anali momwemo, n'chifukwa chake ankadziwika. Koma sitemap imangodziwitsa kuti adiresi ilipo, sinena kuti ndi yofunika. Kufunika kwa tsamba makina amakuona pa malinki olozako. Sitemap inayamba ndi Google mu 2005, ndipo fayilo imodzi imaloledwa maadiresi 50,000 kapena 50MB, malire amene ine sindidzawafika. Google salabadira priority ndi changefreq, mizere ya mu sitemap yonena kufunika kwa tsamba ndi mmene limasinthira kawirikawiri, choncho ndazichotsa. Lastmod, yonena tsiku limene tsamba linasinthidwa komaliza, amaigwiritsa ntchito ngati ikunena zoona. Pulogalamu imene imapanga sitemap yanga inkalemba tsiku lalero pa masamba onse nthawi iliyonse ndikakonza kanthu kamodzi. Tsopano ndaisintha kuti tsiku lizisuntha pokhapokha zolembazo zasinthadi.

Za crawl budget, kuchuluka kwa maadiresi amene loboti ingayendere pa webusaiti, ndingonena mwachidule, chifukwa anthu amazikweza kwambiri. Malangizo a Google omwe amati nkhaniyi imakhudza makamaka mawebusaiti a masamba pafupifupi miliyoni, kapena oposa 10,000 amene amasintha tsiku ndi tsiku. Kwa ife a masamba ochepa, loboti sikuti yasowa mphamvu. Ikachedwa kubwera, kawirikawiri ndiye kuti sinapeze njira, kapena sinaone chifukwa chobwerera.

Gulu lachiwiri, la amene anawerengedwa koma osasungidwa, ndilo landiganizitsa kwambiri, chifukwa palibe fayilo imene ingalikonze. Ndinawatsegula limodzilimodzi. Ambiri anali chithunzi chimodzi, dzina la mbalame ndi chiganizo chimodzi. Tsamba la kadzidzi wina linali ndi mawu ochepa kuposa a m'munsi mwa tsamba, amene amabwerezedwa paliponse. Ndikadziika m'malo mwa munthu amene wafufuza za mbalameyo, sindikuona chimene akanapindula atafika pamenepo. Ndiye ndayamba kuwaphatikiza: akadzidzi onse pa tsamba limodzi lofotokoza kusiyana kwa maonekedwe, kulira ndi malo amene amakonda, ndipo maadiresi akale ndawalozera kumeneko ndi 301, yankho lonena kuti tsamba lasamukiratu. Amene alibe kolowera ndawasiya abweze 404, kutanthauza kuti tsamba silinapezeke, kapena 410 pamene ndikudziwa kuti sadzabweranso. Ndinapezanso kuti munthu akasaka dzina limene kulibe, tsamba limanena kuti palibe chapezeka koma seva n'kumayankha 200. Izi ndi zimene amati soft 404, ndipo ndakonza kuti nambala izigwirizana ndi mawu.

Ntchito yophatikizayi ndi yochedwa, chifukwa ikufuna kulemba, osati kungosintha mizere. Koma ndi imene ndikuikonda kwambiri, popeza yandibwezera ku mabuku anga a mbalame ndi zolemba zanga zakale. Batani la "Request indexing" la mu Search Console ndimalidina kamodzi pa tsamba lophatikizidwa likatha, chifukwa kulidina mobwereza sikufulumizitsa kanthu.

Chotsatira ndi Bingbot, loboti ya makina ofufuzira a Bing, amene mizere yake ndaipatula kale koma sindinaiwerenge mofatsa. Iye amamvera crawl-delay mu robots.txt, mzere womuuza kuti azidikira pakati pa mapempho, chimene Googlebot sachita. Palinso IndexNow, njira imene Bing ndi Yandex anayambitsa mu 2021, yoti webusaiti izidziwitsa yokha makina ofufuzira tsamba likasintha. Imafuna kafayilo ka kiyi pa seva ndi pempho lotchula maadiresi osinthidwa. Ndikufuna kuiyesa pa masamba ophatikizidwawa, n'kuona mu log kuti Bingbot amatenga nthawi yaitali bwanji kuti afike atadziwitsidwa, poyerekeza ndi masamba amene ndiwasiye awapeze yekha kudzera m'malinki.