Boti la thanga pa fumbi la ku Makeni

Loweruka, usiku. Mphepo ya Ogasiti ikadakukuta malata.

Alamu anandigogodera m'mawa 7 koloko isanakwane, ati tikaone boti limene mkulu wina akugulitsa ku Makeni. Ndinaseka mpaka tiyi kunditsamwa. Lusaka yonseyi ilibe nyanja, koma munthu wadzuka ndi chilakolako cha boti la thanga. Tinadzera ku Chawama kukatenga amalume, amene anakulira ku Nkhotakota akuwedza usipa asanabwere kuno kudzasaka ntchito.

Tinalipeza lili pa tirela pansi pa mtengo wa mango, mlongoti atauchotsa n'kuugoneka pamwamba. Ndi la fayiba, pafupifupi mamita 7, lili ndi kachipinda koti anthu awiri n'kugonamo mopanikizana. Kunsi kwake kuli chitsulo cholemera chimene mumachitsitsa ndi waya mukafika pakuya. Ndicho chimaligwira kuti lisagudubuke thanga likadzaza mphepo.

Mkangano unabuka tisanakhale n'komwe. Alamu anaulula kuti mtima wawo uli pa MacGregor 26, boti la ku California limene analeka kulipanga mu 2013. Limenelo lili ndi thanki kunsi: likalowa m'nyanja mumatsegula, madzi opitirira theka la tani n'kulowamo, ndipo potuluka mumawataya, boti n'kupepuka poti mulikoke. Limanyamulanso injini yaikulu. Mwini boti logulitsalo anapukusa mutu. "Achimwene, limenelo ndi mleme, si mbalame si mbewa. Kupepuka kwakeko n'chifukwa khungu lake ndi lopyapyala. Mukaiwala kudzaza thankiyo n'kukweza anthu ambiri, mudzasambira musakufuna." Iwo amalemekeza Catalina 22, imene inayamba kupangidwa mu 1969 ndipo anapanga oposa 15,000, ya chitsulo chotsitsa ngati lawoli. Alamu nawo osagonja: chitsulo chonsecho chimalendewera pa bawuti imodzi ndi waya mmodzi, nanga dzimbiri likadya wayayo?

Aliyense anali ndi mfundo, ngakhale ndikukayika ngati alamu anapondamo m'boti lililonse mwa awiriwo. Pa Kariba, chitsulo chopindikacho ine ndikuchiona chanzeru. Chimalizireni kumanga damu mu 1959, mitengo imene inamira ikadali chiimire pansi pa madzi, ndipo chitsulo chotere chikagunda chitsa chimakankhikira kumbuyo m'malo mong'amba boti.

Nthawi yonseyi amalume anali zii. Anabwereka sikuludiraiva, n'kukwera, n'kuyamba kugogoda denga la boti ndi chigwiriro chake, pang'onopang'ono, khutu lili tcheru ngati mayi wosankha mphika pa msika. Kutsogolo kunkalira kuti go! go! Atafika pamene pamakhala tsinde la mlongoti, panangoti phu, phu. Anapondapo ndi chidendene, pakuti nyomi. Mwiniwake anavomera yekha, mosanyinyirika, kuti denga la maboti amenewa ndi fayiba pamwamba, fayiba pansi, pakati thabwa lopepuka. Madzi akalowera m'mabowo a mabawuti, thabwalo limawola mwakachetechete kunja kukuwala bwinobwino. "Mphwanga," anatero amalume akutsika, "mwera ukauka sufunsa kuti botili analipanga ndani. Umafuna pofewa pamenepa."

Ine maso anga anali pansi, pa tirela, chimene palibe anachitchula. Boti la munthu wa ku Lusaka limakhala pa matayala masiku ochuluka kuposa pa madzi. Kukafika ku Siavonga, m'mphepete mwa nyanja ya Kariba, ndi makilomita pafupifupi 200, kudutsa Kafue, kenako zitunda ndi makona a Kapiringozi pa msewu wa ku Chirundu, uku mathiraki akukupumirani m'khosi. Matayala a tirelayo anali ong'aluka ndi dzuwa. Ndinagwedeza limodzi, linachita gwedegwede. Maberingi amafika ku nyanja atatentha, mukawalowetsa m'madzi ozizira amayamwa madziwo, girisi n'kusanduka phala. Ndiponso madzi akatsika ngati mu 2024, chaka chija tinkakhala mumdima tsiku lathunthu, potsitsira boti pamasanduka matope, ndiye kulemera kumene mkulu uja amakunyadira kumakusandukirani mdani. Pamenepo ndinapezeka ndikuikira kumbuyo alamu, zomwe sindinayembekeze.

Sitinagule. Tinabwerera pa Kafue Road mu mzere wa magalimoto wa masana, amalume akusimba za mabwato a kwawo a thanga losokedwa ndi masaka, alamu akulemba masamu kuseri kwa lisiti ya mafuta. Tinadya nsima ya kapenta ku matebeto a ku Thornpark, ndipo analipira ndi alamu.

Cha m'ma 9 koloko foni inalira. Alamu, mawu ali pansipansi kuti mlongo wanga asamve: "Kodi wa ma welding uja wa ku Kalingalinga angakonze tirela ija? Zadenga amalume akuti adziwa chochita."