Tambala wa m'thumba ndi gwape wa ku Bedfordshire

Chipsera chili pansidze yanga yakumanjayi anthu akandifunsa ndimangoti ndinagunda chitseko cha kabati kuntchito. Bodza limenelo ndatopa nalo, nde lero mumve mmene zinakhalira, mukaseke mpaka mukhute basi zithe.

Ine ndimakhala ku Luton ku Mangalande, ntchito yanga ndi yosamalira okalamba panyumba ina cha kufupi ndi Bedford. Tsiku lina ndikuchokera shifiti yausiku, kunja kusanache bwinobwino, magetsi agalimoto anawunika kanyama kataima m'mbali mwa msewu, kofiirira, msinkhu ngati galu wakumudzi, nsana wokhota ngati kakusenza chinachake. Ndinakuwa ndekha mgalimoto kuti gwape! Malovu kudzadza mkamwa pompo, zaka 6 ndili kuno ndikudya nkhuku zosakoma zija za mufiliji pomwe ndiwo zikungoyenda mumsewu.

Kuntchitoko kumabwera mkulu wina wachizungu kudzaona mayi ake Lachitatu lililonse, wamtali, chipewa chosavula, mawu ake amachita kuwerenga ngati amagula. Nditamuuza za gwape wanga anaseka pang'ono nkundiuza kuti kanyamako dzina lake ndi muntjac, kwawo kwenikweni ndi ku China, anabwera nako ndi a Duke of Bedford kudzakaweta kunyumba kwawo ku Woburn Abbey zaka zoposa 100 zapitazo, kenako tina tinathawa tina anachita kutimasula, pano tadzadza tchire lonse. Akuti nyama zamtundu umenewu ku Britain zilipo mitundu 6 ndipo palibe chilombo chozidya poti mimbulu inatha kalekale, nde zimangoswana nkumadya timitengo tongobzala kumene ndi mbewu za alimi. Iyeyo alimi angapo amamupempha kuti azikazichepetsa ndi mfuti.

Apa mpomwe pakamwa panandipalamulira. Ndinati aaa bwana, ine kwathu ku Ntchisi ndinakulira kuuzimba, gwape ndimamudziwa ndi fungo lokha.

Chilungamo chake nchoti ine ndine mlenje wa mbewa. Kukumba una ndi khasu tchire likapsa cha mu Seputembala, kufukiza utsi, kutchera diwa, pamenepo palibe angandiuze kanthu. Legeni nayonso ndinkayitha, mpheta zinkandidziwa. Koma kuuzimba ndinapitako kamodzi kokha ndili ndi zaka 11, ntchito yanga inali yonyamula chigubu cha madzi, ndipo kalulu atatulukira cha kumene ndinaima ndinataya chibonga nkuthawira kwa amalume. Izi mzungu uja sindinamuuze. Anangoti chabwino, Loweruka lachiwiri la Novembala tipitire limodzi.

Kulakwa kwachiwiri ndinakawauza mayi akunyumba. Iwo sanachedwe, anaponya pagulu la WhatsApp la kutchalitchi kuti bambo akukasaka, Loweruka madzulo nsima ya gwape kwathu. Pofika Lachinayi anthu 14 anali atalembetsa, ena mpaka kufunsa ngati chiwindi chili ndi mwini kale, alamu anga ena a ku Milton Keynes anati abwera ndi ufa woyera weniweni wochokera kumudzi umene amausunga ngati mankhwala.

Ndinamufunsa mkulu uja pafoni kuti nditenge chani, mumtima ndikuganiza zogula kachikwanje ndi waya wa khwekhwe. Anayamba wakhala chete kenako nkuti msampha, uta, mkondo, kuthamangitsa ndi agalu, zonsezo kuno ndi mlandu. Mfuti nayonso sungangogula ngati njinga, pamafunika chiphaso cha kupolisi, anthu awiri okuikira umboni, kalata ya dokotala, ndi kabati yachitsulo yokhomerera kukhoma yosungiramo. Ambiri amayamba achita kaye maphunziro otchedwa DSC1, mayeso ndithu olemba ndi owombera, kusukulu chifukwa cha gwape abale. Ine lamulo limandilola kubwereka mfuti yakeyo pokhapokha iye ali pambali panga. Ndipo anati Lachisanu masana ndibwere kaye ndidzawombere pepala aone.

Pepalalo analiika mamita 100, kumbuyo kwake kuli chimulu cha dothi. Mfuti yake ndi yamtundu wotchedwa .243, pamwamba pali kagalasi kaja koyang'aniramo. Ndinagona chafufumimba, nkuyang'ana mukagalasimo, mdima wokhawokha. Ndinasendeza diso, kuwala pang'ono, ndinasendezanso mpaka nsidze kutsala pang'ono kukhudza chitsulo, pepala nkuoneka bwinobwino ngati lili pamphuno. Mkulu uja anali akuyamba kunena kuti bweza mutu kumbuyo, ine chala chinali chitakoka kale. Phuu! Mfuti inabwerera mmbuyo, kagalasi kaja kanandidinda pansidze kuti kha, ndinaona nyenyezi masana. Magazi chuchuchu mpaka pakolala. Chipolopolo chinakagwera kuti mpaka lero palibe akudziwa bwino, papepala panalibe ngakhale kabowo, mwina chimulu chija chinalandira. Iye anatulutsa pulasitala m'galimoto mwake mosadabwa nkomwe, zikuoneka kuti alenje a ku Ntchisi ngati ine anawaonapo ambiri. Titayesanso kangapo zipolopolo zitatu zinagwera malo amodzi, anagwedeza mutu nkuti mawa tione, koma usakhudze kokokera ndisananene.

Kunyumba ndinati ndagunda kabati. Bodza lija linabadwa tsiku limenelo.

Loweruka 5 koloko m'mawa ndinali pageti la famu. Ndinavala mathalauzi awiri, masiketi ayi koma zinatsala pang'ono, majuzi atatu, pamwamba jekete yanga yabwino ija ya nayiloni imene mayi akunyumba anaichapa dzulo lake ndi sopo wonunkhira maluwa, komanso poti ndimakakumana ndi mzungu ndinathira kaperefyumu pang'ono, ulemu. Atangotsegula chitseko cha galimoto anakwinya mphuno. Anandiuza ndiyende masitepe atatu. Phwaka phwaka phwaka. Anandivula jekete ija nkundipatsa chikhoti chake chakale chobiriwira, chonunkha galu wonyowa ndi zina zimene sindinafune kufunsa, manja ake ofika m'mawondo.

Chinthu chimodzi chokha chinandikhazika mtima pansi. Tisanalowe m'nkhalango anatulutsa kabotolo nkufinya, kaufa koyera nkuuluka, akuona kumene mphepo ikulowera kuti fungo lathu lisatsogole. Agogo anga ankachita chimodzimodzi ndi phulusa la m'kathumba, kutsina pang'ono nkuwaza. Ndinafuna ndimuuze koma anaika chala pakamwa.

Tinayenda mwakachetechete, kapena ndinene kuti iye anayenda mwakachetechete, ine kamtengo kalikonse kouma ka mu Bedfordshire kanadikira phazi langa. Tinafika pamtengo waukulu pomwe anatsamiritsapo makwerero achitsulo, pamwamba pake kampando ka anthu awiri ndi kachitsulo kotsamiritsapo mfuti. Nsanja yeniyeni ngati yolondera anyani kumunda, kungoti iyi ilibe denga ndipo chitsulo chake chimazizira mpaka m'mafupa a matako. Akuti amakwera mmwamba kuti chipolopolo chikaphonya kapena chikapyoza nyama chilowe m'dothi, chisapite kukapeza munthu woyenda ndi galu wake kutsidya. Lamulo limalola kuwombera kuyambira ola limodzi dzuwa lisanatuluke, nde tinakhala kudikira kuti nthawi ikwane, kenako kudikira gwape.

Amati kuona maso a nkhono nkudekha, koma amene anapeka mwambiwu anali pa dzuwa la kwathu atatsamira mtengo wa mango. Kuzizira kwake kunali kwa mtundu wina. Mphuno inayamba kudontha, kufwenthera sikuloledwa. Zala za kumapazi zinasiya kundiyankha. Ndinatsegula fulasiki yanga pang'onopang'ono nkumwa tiyi, kapu yoyamba, yachiwiri, yachitatu, osaganiza kuti tiyi akalowa amafunanso potulukira ndipo ndili mamita atatu mmwamba nditavala mathalauzi awiri. Mkulu uja ali phee ngati chitsa, maso okha ndi amene akuyenda.

Mwadzidzidzi kuseri kwa zitsamba kunamveka bwe! bwe! Ndinadzidzimuka nkunena mokweza ndithu kuti galu wa ndani ameneyo. Anandigwira bondo mwamphamvu nkunong'ona kuti ndi gwape wako uja. Eti kanyama kameneka kamauwa. Ine mlenje wodziwa gwape ndi fungo lokha ndinangoti ehe, ndimadziwa, ndimakuyesani.

Patapita mphindi mwina 20 kanatulukira. Katonde, timinyanga tifupitifupi, mizere yakuda kumaso, ndipo mkamwa mukutuluka timano tiwiri ngati ka nguluwe. Kakuyenda mutu uli pansi, kuima, kubudula tsamba, kuyendanso. Mkulu uja anasendeza mfuti pakachitsulo paja nkundilozera ndi maso. Abale mtima wanga. Unkagunda mpaka chikhoti kumagwedezeka, ndikayang'ana mukagalasi gwape akuvina, mitengo ikuvina, mpweya wanga womwe ukuchititsa nthunzi pagalasi, pulasitala wapansidze akundikumbutsa za dzulo nde mutu ndauika kutali ngati ndikuwerenga nyuzi ya mnzanga m'minibasi. Akunong'ona kuti dikira katembenuke kaonetse nthiti, ulunjike kuseri kwa phewa, usafulumire, puma. Kanatembenuka. Ndinamva akukoka mpweya kuti anene kuti tsopano.

Kokoliliko!

Foni ndinaitseka mawu ndithu, ndikulumbira, koma alamu samva zimenezo. 7:30, nthawi yodzukira ndikakhala pa shifiti yamasana, ndipo kulira kwake ndinaika tambala chifukwa chosowa kumudzi. Tambalayo anali m'thumba la thalauzi yamkati, pansi pa thalauzi ina, pansi pa majuzi atatu, pansi pa chikhoti cha eni ake. Kokolilikooo! Mkulu uja choyamba anagwira mfuti nkuichotsa m'manja mwanga, nzeru zake zinali pamenepo, ine ndikuzipapasa thupi lonse ngati ndalowedwa linthumbwi, chigongono nkugunda fulasiki, fulasiki nkutsika makwerero sitepe imodziimodzi, ngwe, ngwe, ngwe, ngwe, mpaka pansi. Gwape anaimika kamchira koyera kunsi kwake nkuzimiririka, kenako ali chapatali anayamba kuuwa, osasiya, kuuza abale ake onse mpaka ku Woburn kuti kwabwera wa ku Ntchisi.

Tambala analira kasanu ndisanamupeze.

Mkulu uja sanakalipe, bola akanakalipa. Anachotsa zipolopolo mumfuti nkuti basi lero zatha, m'nkhalango muno simubweranso kanthu. Iye anatsika kaye. Ine miyendo inali itafa dzanzi, sitepe yachitatu kuchokera pansi phazi linaponda mphepo, ndinatsetsereka nkukhala pansi m'minga ya mabulosi akutchire aja amayanga paliponse kuno, chikhoti chitandiphimba kumutu. Ndipo kugwa kumeneko kunathandiza tiyi uja kupanga chiganizo chake payekha. Pamenepo ndisafotokoze zambiri, mathalauzi awiri ali ndi ubwino wake.

Fisi akagwa m'mbuna sayankhula. M'galimoto tinangoti zii mpaka pageti.

Tsopano anthu 14. Ndinaima pamalo ena nkusintha thalauzi yakunja kukhala yokhayo, kenako molunjika ku Bury Park kumene kuli mabutchala ambirimbiri a amwenye, ndinagula mwendo wa mbuzi ndi nthiti, nkumupempha mnyamata wake adule tizidutswa ting'onoting'ono kuti fupa lisazindikirike. Pepala lamtengo ndinamatula, jumbo ndinasintha, ndinapaka ngakhale kadothi pa nsapato kuwonjezera kamene kanalipo kale. Mayi akunyumba anandilandira ndi nthungululu pakhomo. Anafunsa kuti nanga chikopa ndi mutu, ndinati malamulo akuno, mutu umatsala ndi boma.

Madzulo nyumba inadzadza, nsima ya ufa wa alamu anga inaphikidwa, pemphero linaperekedwa lothokoza Mulungu chifukwa cha dzanja la mlenje. Ine ndili pakona kufotokoza mmene kananditulukira, mmene ndinadekhera, chipolopolo chimodzi basi. Mayi wina wachikulire wa Mvano anatafuna nthuli yake nthawi yaitali, nkuyang'ana fupa, nkundiyang'ana ine. Anati achimwene, gwape wakunoyu koma ndiye wafanana ndi kanyenya wa pa Lizulu, amadya chani? Ndinati amayi ndi nyama ya ku China imeneyi, imakhala choncho. Anati ooo, nkutenganso ina.

Belu la pakhomo linalira cha m'ma 7. Mwana wanga wamkazi anathamanga kukatsegula, ndipo pakhomo panaima mkulu uja, chipewa chili kumutu, dzanja lina fulasiki yanga yophwanyika, dzanja lina jekete ya nayiloni ndi jumbo yolemera. Adiresi ndinamupatsa ndekha sabata yathayo pomuitanira ku phwandoli, ndinali nditaiwala. Analonjera anthu mwaulemu nkunena mawu ambiri kuposa onse amene ndinamumvapo chiyambire, kuti pepani kusokoneza, ndinamva chisoni kuti mnzangayu wabwerako chimanjamanja pomwe ali ndi alendo, nde ndabweretsa miyendo iwiri ya muntjac amene ndinawombera Lachiwiri, ndipo musamuseke kwambiri za tambala, aliyense amayamba choncho.

M'nyumba munangoti zii, kumveka supuni yokha ikugwa. Mayi akunyumba anayang'ana m'poto, nkuyang'ana jumbo, nkuyang'ana pulasitala wanga. Mayi wa Mvano uja anapukuta m'manja bwinobwino, nkusendeza mpando kuti mlendo akhale, nkumuuza mwana wanga kuti iwe, tamufunse bwino mzunguyu, tambala wake uti?