Nkhunda za pakhonde la agogo

Mawu a agogo oyandikana nafe akundizungulirabe m'mutu: "Mwana wanga, mbalame yodwala imaoneka. Izi ukuziona ngati zodwala?"

Zinayamba ndi kamdzukulu kawo. Kamakwawa pakhonde pomwe agogowo amawazira nkhunda nyenyeswa, ndiye ndinangoona kadzanja katola chitosi chouma, ulendo wa kukamwa. Ndinakuwa. Mwina ndinaonjeza, chifukwa nkhunda zonse zinabalalika, mwana n'kuyamba kulira, agogo n'kundiyang'ana ngati ndawatukwana.

Ndinayesa kuwafotokozera kuti tizilombo ta salmonella timakhala m'matumbo a mbalame n'kumatuluka ndi zitosi, mbalameyo ikuuluka bwinobwino. Munthu akatimeza, pamapita maola 6 mpaka masiku 6 kuti ayambe kutsegula m'mimba, kutentha thupi ndi kumva kupotokola. Wamkulu nthawi zambiri amachira yekha sabata isanathe, koma khanda silichedwa kutha madzi m'thupi. Ndinafika mpaka potchula za ku America mu 2021, pomwe anthu 29 anadwala, matendawo atachokera kwa timbalame tam'tchire timene timadya m'ziwiya zopachikidwa pakhomo.

"Ku America," anatero agogo, akuseka. "Ine ndadyetsa mbalame iwe usanabadwe."

Chikundiwawa n'chakuti sakulakwitsa kwenikweni. Si nkhunda iliyonse imene ili ndi tizilomboti, ndipo anthu ambiri amatitengera ku mazira ndi nyama zosapsa, osati ku mbalame zouluka. Komanso mbalame za m'tauni zimatitola kuti? Kumtaya ndi m'madzi a m'zimbudzi, m'nyansi zathu zomwe. Timazipatsa ndife, izo n'kudzatibwezera pakhonde. Nanga ndimakalipira ndani?

Kaya ndi kutopa. Masiku ano ndikumapsa mtima ndi tinthu tating'ono, dzana ndinakalipira chitseko. Ndipo ndikudziwa kuti nkhunda zija ndi zokhazo zimene zimabwera kudzawaona agogo tsiku ndi tsiku osaphonya. Ine amene ndili pafupi ndimangowapatsa moni ndikudutsa.

Sindinawauze kuti asiye. Ndinangopempha kuti azikolopa pakhonde ndi sopo mwana asanatsike pansi, azisamba m'manja, ndiponso azitsuka kabeseni komwe mbalamezo zimamwera, poti pomwe zimaunjikana ndi pomwe zimapatsirana. Anangoti "Ndamva," maso ali kwina.

Madzulo ano ndasuzumira. Kabeseni kali pomwepo, madzi ake obiriwira, nthenga ziwiri zikuyandama. Ndaganiza zokakatsuka ndekha mawa asanadzuke, koma akadzandipeza nditagwada pakhonde pawo ndi sopo m'manja, ndidzati chiyani...